Chindapusa chimaiwalika, mapointi amatsata dalaivala

Mabanja ambiri a ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota ali ndi mwana kapena mlamu ku Joni, ndipo ena mwa iwo amapeza chakudya chawo pa chiwongolero. N'chifukwa chake lamulo la pamsewu la dziko la South Africa lotchedwa AARTO, lomwe likufuna kulanga madalaivala ndi mapointi pamwamba pa chindapusa, likutikhudza ngakhale tili kuno kunyanja.

Lamuloli lidakhazikitsidwa mu 1998. Bungwe la OUTA lidakalitsutsa kubwalo la milandu, ndipo mu 2022 khoti lalikulu la ku Pretoria lidagamula kuti likusemphana ndi malamulo oyendetsera dziko. Mu July 2023 khoti la Constitutional Court lidathetsa chigamulocho. Chichokereni apo, boma lasunthapo kangapo tsiku loyambira mapointi, koma silidabwerere m'mbuyo.

Kagwiridwe kake nkotere. Dalaivala amayamba wopanda pointi. Akalakwa, monga kupyola makilomita 60 pa ola m'tauni kapena 120 pamsewu waukulu, amalipira chindapusa, ndipo pa milandu yokulirapo amalemberedwanso mapointi molingana ndi kukula kwa mlanduwo. Akapitirira 15, laisensi imaimitsidwa miyezi 3 pa pointi iliyonse yoonjezera. Akakhala miyezi 3 osalakwa, pointi imodzi imafafanizidwa. Laisensi ikaimitsidwa kachitatu imathetsedwa, ndipo mwini wake amayenera kukayesedwanso.

Nzeru ya lamuloli ili poti chindapusa pachokha sichilanga anthu mofanana. Wachuma amalipira n'kuiwala. Mwini minibasi amachiwerengera pamodzi ndi mafuta ndi matayala, n'kumukakamizabe dalaivala kuti achite maulendo ambiri. Koma pointi ya wolemera ndi ya wosauka n'chimodzimodzi, ndipo imakhala pa dzina la munthu. Imalanga chizolowezi, pakuti wolakwa kamodzi amakhululukidwa pakapita nthawi, pamene wobwerezabwereza amachotsedwa pamsewu.

Liwiro liyenera chilango chotere. Mukaliwirikiza kawiri, mtunda umene galimoto imayenda mutaponda mabuleki umakula kanayi. Bungwe la World Health Organization lidati mu 2023 anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pamsewu chaka chilichonse padziko lapansi.

Komabe lamuloli lili ndi pofooka. Pointi imagwira ntchito pokhapokha mlandu utalembedwa. Chilango chikakula, mtengo wa chiphuphu nawonso umakwera, chifukwa woopa kuluza ntchito amalolera kupereka zambiri. Dziko lililonse lofuna kutsata njira imeneyi, kuphatikizapo lathu lino, liyambe lakonza kaundula wa madalaivala, makamera apamsewu ndi njira yoti woimbidwa mlandu akadandaule. Kupanda apo, mapointi asanduka munda wa apolisi osakhulupirika.

Abale ndi alongo, mwana wathu akalandidwa laisensi ku Joni, njala imafika kuno: fizi imaima, feteleza sagulidwa, nyumba imathera pa lintala. Nthawi zina ndife amene timamuthamangitsa ndi mafoni opempha ndalama tsiku ndi tsiku. Timuuze kuti okwera onse ndi amana m'manja mwake, ndipo tichepetse katundu amene tamusenzetsa. Nafenso tikakwera minibasi pa M5, tisakhale chete dalaivala akamadutsa pamsika ngati mphepo ya mwera. Akuluakulu adati kuthamanga sikufika.