Mphunzitsi nayenso amaphunzira

Makolo ndi abale a ana a kalasi yoyamba,

Mwana akayamba sukulu, inu mumafunsa ngati aphunzitsi ake anaphunzira mokwanira. Ndi bwino kufunsa. Ine ndikuti pepala limene timalandira ku sukulu ya aphunzitsi ndi ciyambi cabe. Kuphunzitsa mwana m'Cinyanja kumaphunziridwa pa nchito pomwepo, mwana ali patsogolo pako, coko cili m'manja.

Kale ana onse a m'Moçambique ankayamba sukulu m'Cipwitikizi cokha. Mwana wa kumudzi ankakhala duu, kumangobwereza mau osawamva. Mu 1988 akatswiri anakumana ku Universidade Eduardo Mondlane, ku Maputo, kuti agwirizane za kalembedwe ka zinenero zathu. Kuyambira 1993 mpaka 1997 kunali kuyesa kochedwa PEBIMO: ana ena a ku Tete anaphunzira m'Cinyanja, ena a ku Gaza m'Cichangana, kwinaku akuphunzira Cipwitikizi pang'onopang'ono. Mu 2003 maphunziro a zinenero ziwiri anayamba kufalikira m'zigawo zina za dziko.

Koma tikumbukire kuti aphunzitsi ambiri anakulira m'sukulu ya Cipwitikizi. Cinyanja amaciyankhula bwino, poti anayamwira. Kucilemba ndi nkhani ina. Taonani mau awa: kuponya ndi kuphonya. Kacilembo kamodzi, h, kamasiyanitsa munthu amene waponya mwala ndi amene waphonya mbalame. Ng'oma timayimba pa gule, ngoma ndi nyama ya m'chire. Nanga cilembo c? Ife timaciwerenga monga m'mau akuti cala ndi cimanga, koma m'Cipwitikizi, pa mau akuti casa, cimamveka ngati k. Mwana adzakumana ndi zonse ziwiri. Mphunzitsi ayenera kudziwa nthawi yomuonetsa kusiyanako, ndi njira yake, kuti mwanayo asasokonezeke. Zimenezi munthu sangazigwire ndi kumva kamodzi.

Pali njira ziwiri zophunzitsira aphunzitsi amene ali kale pa nchito. Yoyamba ndi ya misonkhano ya ku tauni. Amaitana mmodzi kapena awiri, amakhala masiku ocepa m'cipinda cacikulu, amamvera, amalandira ndalama ya ulendo, nabwerako ndi mapepala. Pobwera amauzidwa kuti akafotokozere anzao. Sindikunyoza njira imeneyi, pakuti muli zabwino. Koma madzi otunga ndi dengu safika kunyumba. Zimene ananena katswiri tsiku lonse, mnzathu amazifotokoza mu ola limodzi, ndipo masiku amene iye kulibe, ana ake amakhala opanda mphunzitsi. Ndalama zambiri zimathera pa galimoto, pogona ndi cakudya.

Njira yaciwiri ndi ya ZIP, ndiye kuti Zona de Influência Pedagógica. Sukulu zoyandikana zimapanga gulu limodzi, ndipo aphunzitsi ake amakumana pa sukulu imodzi, kawirikawiri Loweruka. Ine ndimakonda njira imeneyi. Mmodzi amaimirira naphunzitsa phunziro lenileni, monga la cilembo m: ma, me, mi, mo, mu, kenaka mau onga amai, mano, moto. Anzake amaonerera. Akatha amamuuza poyera: apa munathamanga, apa munafunsa ana akutsogolo okha, apa munalowetsa Cipwitikizi nthawi isanakwane. Wina amaonetsa mmene amaphunzitsira kuphatikiza ndi kucotsera pogwiritsa nchito timiyala ndi njere za cimanga. Lolemba lake aliyense amakayesa m'kalasi mwake. Palibe ca galimoto apa, njinga ndi miyendo zimakwanira.

Ndiye pempho langa kwa akuluakulu a maphunziro ndi ili: katswiri azibwera kuno, akhale kumbuyo kwa kalasi, aone ana athu mmene alili, ena pansi pa mtengo, ena atatu pa buku limodzi. Ndalama imene ikanalipira pogona ku tauni igule mabuku a Cinyanja ndi coko.

Inunso makolo muli ndi gawo. Ena mumada nkhawa kuti mwana akayamba ndi Cinyanja sadzadziwa Cipwitikizi, ndipo adzasowa nchito. Nkhawa yanu ndi yomveka, Cipwitikizi ndi cinenero ca boma ndi ca mayeso a patsogolo. Koma kuwerenga munthu amaphunzira kamodzi kokha. Mwana amene wadziwa kulumikiza zilembo m'cinenero cimene amamva, luso lomwelo amapita nalo ku Cipwitikizi. Cofunika ndi mphunzitsi wodziwa kumuolotsa.

Ndipo eni ake a cinenero ndinu. Maina a mitengo, a mbalame, a zipangizo za kumunda, ndagi ndi nthano, zambiri mwa izi sizili m'mabuku athu. Agogo akabwera ku sukulu kudzakamba nthano imodzi, amene amaphunzira si ana okha, aphunzitsi nawonso amalemba mau atsopano m'kope mwao.

Ana inu, madzulo ano tengani buku ili, muwawerengere amai kapena atate mau atatu. Kenaka muwafunse dzina la mbalame imodzi imene simukuidziwa, mawa mudzatiuze m'kalasi.