Ndudu Sikhazika Mtima Pansi

Mwa zifukwa zonse zimene osuta fodya amapereka, chimene chimandiwawa kopambana ndi ichi: "Ndikapanda kusuta, mtima wanga sukhala m'malo." Mawu amenewa ndawamva kwa aphunzitsi otopa ndi kuchonga mayeso, kwa oyendetsa mabasi, ngakhalenso kwa anyamata a Fomu 4 amene amabisala kuseri kwa chimbudzi mayeso akayandikira. Anthu amenewa sanama mwadala, koma chimene amanenacho ndi bodza, ndipo mboni yotsutsa bodzalo ndi thupi lawo lomwe.

Tiyerekeze kuti mukupita kudimba m'mamawa ndipo mwangotsala pang'ono kuponda mphiri. Musanaganize n'komwe chochita, mtima wayamba kale kugunda mwaliwiro, m'kamwa mwauma gwa, ndipo m'manja mwatuluka thukuta. Iyi ndi ntchito ya minyewa imene madokotala amaitcha sympathetic. Minyewayi imachokera m'fupa la msana, kuyambira chigawo cha pachifuwa kufikira chakum'chiuno, ndipo imamwazikira ku mtima, mapapo, matumbo ndi mitsempha ya magazi. Imalamulanso tiziwalo tiwiri tokhala pamwamba pa impso kuti tithire adirenalini m'magazi. Pamenepo magazi amachepa pakhungu ndi m'matumbo n'kuthamangira ku minofu, ndipo chiwindi chimatulutsa shuga kuti munthu apeze mphamvu zomenyera nkhondo kapena zothawira. Walter Cannon wa ku Harvard analongosola zimenezi m'chaka cha 1915. Zoopsa zikapita, minyewa ina yotchedwa parasympathetic ndiyo imabweza thupi ku mpumulo.

Nanga chikonga cha mu fodya chimadzutsa minyewa iti? M'chaka cha 1889, John Langley wa ku Cambridge ankapaka chikonga pa timfundo ta minyewa ya sympathetic pofuna kulondola njira zake, chifukwa chikonga chimagwira timfundo timeneti mwachindunji. Munthu akakoka utsi, chikonga chimafika ku ubongo pasanathe masekondi 20. Adirenalini amatuluka, mtima umaonjezera liwiro, mitsempha ya magazi imapanikizika mpaka nsonga za zala kuzizira, ndipo kuthamanga kwa magazi kumakwera. Wosuta ndudu 20 patsiku amachititsa thupi lake kuona mphiri maulendo 20, ngakhale atakhala phee pakhonde. Amene anathyolapo fodya wonyowa ndi mame ku Kasungu kapena ku Mchinji amadziwa chizungulire, nseru ndi litsipa zimene zimabwera chikonga chikalowa pakhungu. Palibe mmodzi wa iwo amene anganene kuti tsamba limeneli limatonthoza.

Tsono bata limene wosuta amamva limachokera kuti? Chikonga sichikhalitsa m'thupi. Pakatha maola awiri, theka lake limakhala litachoka m'magazi. Ubongo umene unachizolowera umayamba kudandaula. Munthu amakwiya msanga, maganizo amabalalika, ndipo amasowa pokhala. Akayatsa ndudu, chibabacho chimazirala, iye n'kumathokoza fodya. Koma nkhawa imene ndudu yachotsayo inabwera ndi ndudu yapitayo. Ndi khalidwe la wakatapila, amene amakukongoza lero kuti ubweze ngongole yake yadzulo, iwe n'kumamutcha bwenzi. M'chaka cha 2014, magazini ya madokotala ya BMJ inasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku wosiyanasiyana wokwana 26, ndipo inapeza kuti amene anasiya fodya nkhawa zawo zinachepa poyerekeza ndi amene anapitiriza kusuta.

Wodziwa zimenezi saopa masiku oyamba a kusiya, pakuti amazindikira kuti kuvutikako kuli ndi malire. Chibaba chimafika pachimake tsiku lachiwiri kapena lachitatu, kenaka chimanka chichepa m'milungu iwiri kufikira inayi. Ndiponso sichigwira munthu tsiku lonse: chimabwera ngati funde, n'kupita pakangotha mphindi zochepa. Sankhani tsiku losiyira, tayani ndudu, chingambwe ndi kaliwo, ndipo uzani a m'banja mwanu kuti akupirireni mukamakalipa popanda chifukwa. Funde likafika, kokani mpweya pang'onopang'ono ndi kuutulutsa mochedwa koposa, chifukwa kupuma kotere kumadzutsa minyewa ya parasympathetic ndi kuchepetsa liwiro la mtima. Imwani madzi, yendani mofulumira, kapena gwirani khasu. Pali chinanso chimene ambiri sachidziwa: utsi wa fodya umafulumizitsa chiwindi kuchotsa kafeini m'thupi, kotero wosiya kusuta amene akumwabe tiyi kapena khofi wambiri monga kale amanjenjemera ndi kusowa tulo, n'kumaganiza kuti vuto ndi kusowa kwa ndudu. Chepetsani makapuwo. Za mowa sindichulukitsa mawu. Ambiri amene anabwerera ku fodya anagwera pamowa.

Ndikutsutsanso amene amati mwamuna weniweni amasiya yekha popanda thandizo. Kunyada kumeneko kwalepheretsa ambiri. Chingamu chokhala ndi chikonga, kapena timapepala tomata pakhungu, zimapereka chikonga chochepa popanda utsi, ndipo zimaonjezera mwayi wosiyiratu ndi theka kapena kuposa. Palinso mapiritsi monga varenicline ndi cytisine, amene bungwe la WHO linawaika m'malangizo ake a chaka cha 2024 pamodzi ndi uphungu wa azaumoyo. Apa ndiye pali manyazi athu. Ndudu zimagulitsidwa imodziimodzi pa okala iliyonse, pamtengo umene ngakhale mwana wa sukulu angakwanitse, pamene mankhwala othandiza kusiya ndi osowa ndiponso okwera mtengo. Dziko la Malawi linalowa m'pangano la WHO lochepetsa kusuta fodya m'chaka cha 2023, ndipo panganolo limalamula maboma kuthandiza ofuna kusiya. Tili ndi ufulu wofunsa kuti thandizolo lifika liti pachipatala chaching'ono cha kwathu.

Ena adzati, kodi fodya si amene amatibweretsera ndalama zakunja? Inde, koma pafupifupi fodya yense wogulitsidwa ku Kanengo, Limbe, Chinkhoma ndi Mzuzu amapita kunja. Ndudu imene mnyamata amayatsa kuseri kwa chimbudzi sionjezera kanthu m'thumba la mlimi.

Ndipo asatinamize kuti wokalamba ndi fodya alibenso chopindula. Richard Doll ndi Austin Bradford Hill anaonetsa m'chaka cha 1950 kuti kusuta kumagwirizana ndi khansa ya m'mapapo, ndipo kuyambira 1951 anayamba kulondola miyoyo ya madokotala a ku Britain. Zotsatira za zaka 50, zimene zinatuluka mu 2004, zinasonyeza kuti wosuta moyo wake wonse amataya zaka pafupifupi 10. Wosiya ali ndi zaka 30 amapulumutsa pafupifupi zonsezo, wa zaka 40 amapulumutsa 9, wa zaka 50 amapulumutsa 6, ndipo ngakhale wa zaka 60 amapulumutsa zitatu. Doll mwini wake anali wosuta. Anataya ndudu kafukufuku woyamba uja ali m'kati, ataona zimene mawerengero ake ankasonyeza, ndipo anamwalira mu 2005 ali ndi zaka 92.