Kasitomala wasintha nthawi, wamalonda asinthenso

M'miyezi ya June ndi July, chiperoni chikakuta Blantyre, Thyolo ndi Mulanje, ogula safika pamsika mbandakucha ngati mu October. Ambiri amadikira dzuwa likwere, ndipo ikamakwana 5 koloko madzulo amakhala akuthamangira kunyumba. Wamalonda amene akutsatirabe ndondomeko ya nyengo yotentha akungodzizunza.

Wogulitsa mafirizesi ndi thobwa achepetse katunduyu, mpamba wina auike pa tiyi, mandasi ndi mbatata yophika, poti ino ndi nyengo yake. Iyeyu ndiye woyenera kulawirira, chifukwa makondakitala ndi akabaza padepoti amayamba ntchito kusanache.

Wa kaunjika atsegule belo la majuzi ndi majekete panopa, aziyala masana anthu atachuluka. Akadikira kumapeto kwa August, katunduyo adzangomumangira ndalama.

Ogulitsa nsomba asaiwale mwera. Mphepoyi ikalimba panyanja ya Malawi asodzi sapita kutali, usipa umachepa, mtengo n'kukwera. Kuimba foni kudoko asanakwere minibasi kungawapulumutsire ndalama ya thiransipoti.

Nyengo yozizira sikhalitsa. Wozengereza adzasintha kutatentha kale, anzake atatola phindu.