Pulawo ikakana kukwera, musathamangire kugula pampu

Mwezi wa Okutobala ukafika, mathirakitala a makalabu ndi makopaletivu sapuma, chifukwa aliyense amafuna kuti munda wake ulimidwe mvula yobzalira isanagwe. Ndi nthawi yomweyinso pamene timamva dandaulo lozolowereka lija: injini ikulira bwinobwino koma pulawo ikukana kukwera, kapena ikukwera monjenjemera, kapena ikumatsika yokha pamsewu. Komiti ikakhala pansi, chigamulo sichichedwa. Amati pampu yatha, mamembala asonkhe ndalama agule ina.

Alimi anzanga, chigamulo chofulumira chimenechi n'chimene chikudya ndalama za makalabu ambiri. Pampu ndi chimodzi mwa zipangizo zodula kwambiri pa thirakitala, ndipo imachokera kunja. Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya zipangizo zotere sinabwererenso pansi. Komatu nthawi zambiri vuto limakhala pa zinthu zotsika mtengo zimene palibe anaziyang'ana.

Mphamvu yonyamula pulawo imachokera ku oilo. Pampu imakoka oilo kudzera pa sefa n'kumukankhira mu silinda, ndipo silindayo imakweza mikono iwiri yakumbuyo imene pulawo imamangidwako. Pa mathirakitala akale a Massey Ferguson 135 ndi 165, amene ankapangidwa kuyambira 1964 mpaka 1975 ndipo ena akulimabe m'midzi mwathu, pampuyi imakhala mkati, pansi pa mpando wa dalaivala, ndipo imagwiritsa ntchito oilo yemweyo wa m'giyabokosi. Choncho tizidutswa ta zitsulo tochokera ku magiya, fumbi komanso madzi, zonse zimakathera ku pampu. Oilo akaipa, ngakhale pampu yamoyo imaoneka ngati yakufa.

N'chifukwa chake kufufuza kumayambira pa oilo. Imikani thirakitala pamalo osatsetsereka, tsitsani pulawo pansi, zimitsani injini, kenaka onani ngati oilo alipo wokwanira. Yang'ananinso mtundu wake. Akaoneka ngati tiyi wamkaka, mwalowa madzi. Pa mathirakitala akale madzi amakonda kulowera pa mphira yong'ambika ya m'munsi mwa ndodo zosinthira magiya, makamaka thirakitala ikamagona panja nyengo yonse ya dzinja. Oilo wa thovu amasonyeza kuti pampu ikukoka mpweya, ndipo mpweyawo ndiwo umachititsa pulawo kunjenjemera. Oilo wakuda wonunkha ngati wapserera ndiye kuti watha mphamvu.

Chachiwiri ndi sefa. Sefa ikatsekeka ndi litsiro, pampu imasowa oilo, imayamba kulira, ndipo pulawo imakwera pang'onopang'ono. Pali mathirakitala amene asintha eni kangapo koma sefa yake palibe anaitsukapo. Kuitsuka kumangofuna makaniko wodziwa pomwe ili, dizilo pang'ono ndi beseni loyera.

Chachitatu, onani zogwirira ziwiri zimene zili pambali pa mpando wa dalaivala. Chimodzi chimakweza ndi kutsitsa pulawo, china chimayendetsa kuzama kwa pulawo m'nthaka. Dalaivala wosaphunzitsidwa akazisokoneza, pulawo imachita zachilendo ngakhale palibe chawonongeka. Kilachi nayo imakhudzidwa. Pa mathirakitala a kilachi ya magawo awiri, kuiponda mpaka pansi kumaimitsa pampu, ndiye gawo lachiwirilo likamaterereka pampu siizungulira ndi mphamvu yokwanira kunyamula katundu wolemera.

Pali kuyesa kwina kosalira ndalama. Kwezani pulawo m'mwamba, zimitsani injini, anthu onse atalikire, n'kudikira. Pulawo ikatsika yokha m'kamphindi kochepa, oilo akudutsa pena pake mkatimo, kawirikawiri pa mphete zakutha za mu silinda kapena pa valavu. Ngati vuto ndi mphetezo, kugula pampu yatsopano sikungalithetse. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ena anena kuti thirakitala ya zaka 50 pampu yake siingakhalebe yabwino. N'zoona, pampu imatha. Chizindikiro chake n'chakuti m'mawa oilo akadali wozizira pulawo imakwera bwino, koma masana oilo akatentha n'kupyapyala imafooka, pamene oilo ndi watsopano ndipo sefa ndi yoyera. Ngakhale pamenepo, makaniko weniweni amamanga geji n'kuyeza mphamvu ya oilo, chifukwa valavu yotetezera pampu ikafooka imabweretsa zizindikiro zofanana, ndipo mtengo wake ndi wochepa poyerekeza ndi pampu. Makaniko amene akulamula kuti mugule pampu asanayeze chilichonse, m'funseni kuti waona chiyani. Ndipo mukaikadi pampu yatsopano mu oilo wakale uja wa litsiro, mwaitaya, chifukwa litsiro lomwe linadya yakaleyo lidyanso iyi.

Chizolowezi china chimene tiyenera kuchisiya ndi chothira oilo aliyense amene wapezeka. Pofuna kupulumutsa ndalama, ena amathira oilo wakutha wochotsedwa mu injini, ena amagula wa m'mabotolo osadziwika pamsika, n'kuthira pogwiritsa ntchito chigubu chimene dzulo chinali ndi madzi. Oilo woyenera ndi amene walembedwa m'buku la thirakitalayo, ndipo wogulitsa zipangizo wodalirika angakuuzeni. Musanatsegule pothirira, pukutani fumbi lonse. Mapaipi opita ku ngolo akamasulidwa, nsonga zake zitsekedwe, zisamakhwekhwerezedwe m'dothi.

Pa zonsezi moyo ndiwo woyamba. Munthu asalowe pansi pa pulawo kapena ngolo yokwezedwa popanda kuchirikiza ndi chipika cholimba. Musafufuze pamene paipi ikudontha pogwiritsa ntchito dzanja injini ikulira. Oilo wotuluka pa kabowo kakang'ono amakhala ndi mphamvu yoboola khungu, ndipo bala lake limaoneka laling'ono koma lingadulitse chala kapena dzanja. Gwiritsani ntchito chidutswa cha katoni. Zikachitika, wovulalayo apite kuchipatala nthawi yomweyo ndipo akafotokoze kuti walasidwa ndi oilo.

Mwina mukuti izi n'za madalaivala ndi amakaniko. Koma thirakitala ikaima masabata awiri kudikira pampu, wovutika ndi mlimi wa ekala imodzi amene analipira kale ndipo adzabzala anzake akupalira. Ndiye inu mamembala muli ndi ufulu wofunsa. Pa msonkhano ukubwerawu, funsani kuti oilo adasinthidwa liti ndipo sefa idatsukidwa liti. Pakhale kope lolembamo maola amene thirakitala yagwira ntchito ndi zonse zimene zakonzedwa. Pa ndalama ya ekala iliyonse yolimidwa, gawo lina lizisungidwa padera kuti likhale la oilo, sefa ndi mphira. Kukonza kwakukulu kuzichitika tikangokolola, mu Juni kapena Julayi, pamene ndalama zilipo ndipo amakaniko alibe mzere wautali. Kalabu yochita zimenezi idzalowa mu Okutobala thirakitala ili yokonzeka, ndipo minda ya mamembala idzalimidwa pa nthawi yake.