NDENDE YOKHA SIBWEZA MBUZI YOBEDWA

Munthu akaba mbuzi ya mnzace m'mudzi wina ku Katete kapena ku Petauke, apolisi amamgwira, bwalo la majisitireti limamweruza, ndipo galimoto limamtenga kunka naye kundende. Pamenepo anthu amati mlandu watha. Koma ife tifunsa: kodi mwini mbuzi wapindulapo ciani? Khola lace likali lopanda kanthu. Masiku amene anasiya khasu pace nayenda kubwalo kukacita umboni, palibe amene adzambwezera. Ndiponso msonkho umene iye apereka ku Boma ndiwo udzagula ufa ndi nyemba zodyetsa munthu amene anamubera. Wolakwiridwayo wataya kawiri.

Maganizo athu pa nkhani imeneyi ndi awa: pa milandu yaing'ono, cilungamo ceniceni ndi cimene cimakonza zoonongeka. Wolakwa abvomere kulakwa kwace pamaso pa amene anamlakwira, abweze kapena alipe, ndipo mudzi umlandirenso monga munthu. Akatswiri a malamulo m'maiko ambiri akuiphunzira njira imeneyi monga nzeru yatsopano, koma kwa ife a m'Zambia si yacilendo ai.

Makolo athu analibe nyumba yotsekeramo anthu zaka ndi zaka. Mlandu ukabuka, nyakwawa ndi nduna zace anali kuitana mbali zonse ziwiri pabwalo, ndipo munthu ali yense wodziwapo kanthu anali ndi mpata wolankhula. Wolakwa sanali kubwera yekha: atsibweni ace ndi akulu a banja lace anali kukhala pambuyo pace, pakuti manyazi ace anali manyazi ao, ndipo nkhuku, mbuzi kapena makasu olipira zinali kucokera m'banja lonse. Cifukwa ca ici banjalo linali kumuyang'anira kuti asabwerezenso. Akulu anati mlandu suola, kutanthauza kuti ngongole ya kulakwa imadikira kufikira italipidwa. Sitinena kuti zonse za masiku aja zinali zabwino. Mwabvi unapha anthu ambiri osacimwa, ndipo mau a mkazi sanali kulemera monga a mwamuna. Koma cinthu cimodzi anacidziwa bwino: mwini mlandu ndiye munthu amene wapwetekedwa.

Ndende monga tizidziwa lero zinadza ndi atsamunda. Pa malamulo a ku Britain, munthu wakuba amaonedwa kuti walakwira Boma, ndipo woberedwa amasanduka mboni cabe pa mlandu wace womwe. Lamulo lathu lalikulu la zilango, Penal Code, linayamba kugwira nchito mu 1931, ndipo ngakhale lakonzedwa kambiri kuyambira pamene tinalandira ufulu mu 1964, mzimu wace ukali womwewo. Mabwalo a Local Court, amene anakhazikitsidwa ndi lamulo la 1966 m'malo mwa mabwalo a mafumu a nthawi ya atsamunda, amaweruza potsata miyambo yathu, koma nchito yao yaikulu ndi ya maukwati, masiye ndi mikangano ya pakati pa anthu. Milandu yambiri ya upandu imapita kwa majisitireti, ndipo kucokera kumeneko njira yodziwika ndi ya kundende.

Zotsatira zace tonse tikuziona. Ndende za dziko lino zasunga akaidi oposa kawiri ciwerengero cimene zinamangidwira. Ku Mukobeko mu Kabwe, ku Kamwala mu Lusaka ndi ku Namuseche mu Chipata, nkhani ya kuthithikana yakhala ikunenedwa zaka zambiri, ndipo pamene anthu agona mothithikana cifuwa ca TB cimayenda msanga. Ambiri mwa iwo sanaweruzidwe nkomwe. Akudikira tsiku lao la kubwalo. Mnyamata amene analowa cifukwa ca thumba limodzi la cimanga amagona pamodzi ndi akatswiri othyola nyumba, ndipo amaturuka atadziwa zimene sanadziwe polowa. Kwao ana ace asiya sukulu, munda wamera thengo, ndipo pobwera palibe amene afuna kumlemba nchito. Mu 2016 dzina la dipatimenti ya ndende linasinthidwa kukhala Zambia Correctional Service, kusonyeza kuti colinga ndi kuongola munthu. Colinga cimeneci ncabwino, koma alonda a ndende sangathe kuongola anthu amene akusowa ndi malo ogona omwe.

Cimene anthu ambiri sadziwa ndi cakuti malamulo athu anatsegula kale khomo. Gawo 8 la Criminal Procedure Code limalola bwalo la majisitireti kuyanjanitsa anthu pa milandu ya ndeu ndi milandu ina yaing'ono ya pakati pa munthu ndi mnzace, wolakwa atalipa kapena atacita zina zimene bwalo labvomereza. Mu 2000 malamulo anakonzedwa kuti wopalamula mlandu waung'ono azitha kupatsidwa nchito yothandiza anthu, monga pa cipatala kapena pa sukulu, akugona kwao. Mu 2022 lamulo la Children's Code linatsimikiza kuti mwana wolakwa angathe kupatutsidwa pa njira ya kubwalo ndi kuthandizidwa mwa njira zina. Malamulo alipo. Cosowa ndi anchito okwanira oyang'anira olakwa m'midzi ndi m'makomboni, ndalama zoyendetsera nchitoyo, ndi kulimba mtima kwa oweruza.

Maiko ena anayesa, ndipo tingaphunzireko. Mu 1989 dziko la New Zealand, litamva madandaulo a mtundu wa Maori, linaika lamulo lakuti milandu yambiri ya acinyamata izikambidwa pa msonkhano wa mabanja, pamene wolakwa, abale ace, wolakwiridwa ndi wapolisi amagwirizana za malipiro ndi za kuongola mwanayo. Kuno ku Africa, dziko la Rwanda linakumana ndi mayeso aakulu koposa. Itatha nkhanza yofuna kupulula mtundu wa Atutsi mu 1994, m'ndende munadzaza anthu oposa 100,000, ndipo mabwalo a Boma sakanatha kuwaweruza onse iwo akali moyo. Boma linaukitsa mabwalo a m'midzi ochedwa gacaca, amene oweruza ace anasankhidwa ndi anthu eni ace. Kuyambira mu 2002 kufikira mu 2012 mabwalowa anaweruza milandu pafupi-fupi 2 miliyoni. Yambiri mwa iyo inali ya katundu wofunkhidwa kapena woonongedwa, ndipo inatha mwa kulipa. Zolakwika zinalipo: oimbidwa milandu analibe maloya, ndipo mboni zina zinanama kapena zinaopsezedwa. Phunziro lace ndi lakuti bwalo la pamudzi lingathe kusenza katundu wolemera, koma lifunika diso la lamulo pamwamba pace.

Ena adzati njira imeneyi ndi yolekerera mbala. Iwo aganize bwino. Kukhala pamaso pa mai wamasiye amene unamubera, akulu a mudzi ndi ana ako akumva, ndi kugwira nchito miyezi kufikira ngongole itatha, si cilango copepuka. Komabe malire ayenera kukhala oonekera kwa onse. Kupha munthu, kugwirira mkazi, kuononga mwana wamng'ono, kuba ndi mfuti ndi nkhanza za m'banja ndi milandu ya Boma, ndipo iyenera kupita kubwalo. Banja limene lilandira ng'ombe kuti libise munthu amene waononga mtsikana wao silinayanjanitse anthu; lagulitsa mwana. Ciyanjano cisakhalenso msika pamene wolemera amagula ufulu wace, wosauka napita kundende pa mlandu wofanana. Cifukwa cace wolakwiridwa asakakamizidwe kubvomera, malipiro alingane ndi mphamvu za wolakwa, pangano lilembedwe ndi kusungidwa kubwalo, ndipo wolakwa akaliswa mlandu ubwerere kwa majisitireti.

Tsono tipempha onse amene nkhaniyi iwakhudza. Oweruza agwiritse nchito mphamvu zimene lamulo linawapatsa, osadikira kuti munthu wosaphunzira apemphe cinthu cimene sanamvepo. Apolisi auze odandaula poyera kuti njira imeneyi ilipo, ndipo aleke kuthetsa milandu m'tseri popanda colembedwa. Mafumu, nyakwawa ndi atsogoleri a mipingo aphunzitsidwe kusiyanitsa mlandu wa pabwalo lao ndi mlandu wa Boma, ndipo pa mabwalo ao pakhalenso amai. Aphungu a Nyumba ya Malamulo, pogawa ndalama za caka, akumbukire kuti ndalama zolembera anchito oyang'anira olakwa kunja kwa ndende zimacepetsa ndalama zodyetsera akaidi. Ndende zikhale za anthu oopsa amene ayenera kupatulidwa. Enawo akhale pakati pathu, agwire nchito, alipe amene anawalakwira, ndipo alere ana ao.