MPIKISANO WA NDEGE WA MAYUNIVESITE KU AMEREKA: WOYENDETSA AYESEDWE NDI MAORA KAPENA NDI LUSO?

Chaka ndi chaka, m'mwezi wa May, ku dziko la United States kumachitika msonkhano umene manyuzipepala akuluakulu sausamala kwenikweni. Anyamata ndi atsikana ochokera m'mayunivesite osiyanasiyana amasonkhana pa bwalo limodzi la ndege, napikisana kwa masiku angapo pa luso la kuyendetsa tindege tating'ono ta injini imodzi. Bungwe loyang'anira mpikisanowu dzina lake ndi National Intercollegiate Flying Association, ndipo msonkhanowo amautcha SAFECON. Munthu wongomva angayese kuti awa ndi masewera chabe a ana a anthu olemera. Koma ambiri a iwo amene lero akuteretsa kandege ka mipando iwiri pa mzere wolembedwa pa tara, ndi omwewo amene m'tsogolo adzanyamula anthu mazana awiri ndi kuoloka nao nyanja. Chifukwa chake tayesa kuti nkoyenera kuti awerengi athu adziwe zimene zimachitika kumeneko, ndiponso mkangano waukulu umene uli kuseri kwake.

Mwambo umenewu si wa dzulo ai. Itatha Nkhondo Yaikulu Yoyamba, anyamata amene anaphunzira kuuluka ku usilikali anabwerera ku sukulu zao, ndipo sanafune kuti luso lao liwatayike. M'mwezi wa May 1920 anachita mpikisano wao woyamba pa bwalo la Mitchel Field, ku Long Island, pafupi ndi mzinda wa New York. Yunivesite ya Yale ndiyo inapambana, ndipo mmodzi wa anyamata ake anali Juan Trippe, yemwe pambuyo pake anamanga kampani ya Pan American Airways. M'chaka cha 1929 katswiri wopanga ndege, Grover Loening, anapereka chikho chasiliva, chimene kufikira lero chimapita ku sukulu yoonetsa khalidwe labwino koposa pa nchito zonse za ndege. Masiku ano maina omveka kawirikawiri pa mpikisanowu ndi University of North Dakota, Embry-Riddle, Southern Illinois University ndi Western Michigan University.

ZIMENE AMAYESEDWA

Tsono chodabwitsa nchakuti pa mpikisanowu palibe kuthamangitsana. Palibe kutembenuza ndege chagada, kapena kuchita zozizwitsa zokondweretsa anthu oonerera. Mphotho ipita kwa iye amene wachita chinthu wamba mosalakwitsa.

Tiyambe ndi kutera. Pa msewu wa ndege amalembapo mzere woyera, ndipo oweruza amaimirira m'mbali mwake kupenyetsetsa pamene matayala adzakhudza pansi. Malo ololedwa ayambira mapazi 100 usanafike pa mzerewo, nalekeza mapazi 200 utaupitirira. Wotera kunja kwa malire amenewa wataya mwai wake. Pa mtundu wina wa mayesowa, wophunzira amachepetseratu mphamvu ya injini ali m'mwamba, natsika ndi mapiko okha monga ichita mphamba, osaloledwanso kuonjezera moto kuti akonze cholakwa chake. Kuti owerenga amvetse kubvuta kwake, tiwerengere pamodzi. Ndege youluka mailosi 60 pa ora ipita mapazi 88 pa sekondi imodzi. Ndiko kunena kuti malo onse aja a mapazi 300 atha m'masekondi atatu ndi kanthu pang'ono, ndipo wochedwa ndi theka la sekondi waphonya mzere ndi mapazi oposa 40. Mphepo nayo siuza munthu kuti tsopano ndisintha. Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha, ndipo wopupuluma pa mayeso awa sapita patali.

Pa mayeso a ulendo, wophunzira apatsidwa mapu ndi malo oti akadutsepo, ndipo asananyamuke ayenera kulemba nthawi imene adzafika pa malo alionse ndi mafuta amene injini idzamwa. Akabwera, oweruza ayesa mafuta amene atha nalinganiza ndi zimene iye analonjeza. Palinso mayeso oponya kabokosi kopepuka pa chizindikiro chiri pansi, ndege iri m'mwamba mapazi 200. Mayeso ozindikira mtundu wa ndege poona chithunzi kwa masekondi atatu okha. Ndi mayeso a masamu pa kachipangizo kozungulira kotchedwa E6B, kamene anakapanga Philip Dalton nkhondo yachiwiri isanayambe, ndipo sikafuna batire kapena magetsi.

Koma kwa ife mayeso oposa onse ndi ofufuza ndege isananyamuke. Amakaniko amatenga ndege yabwinobwino naiononga dala m'malo ambiri: apa amasula kabauti, apo abisa chiguduli, pena achotsa pepala limene lamulo lifuna kuti likhale m'ndegemo. Wophunzira apatsidwa mphindi 15 kuti apeze zolakwikazo. Palibe woomba m'manja pa nchito yotere, komatu chizolowezi chimenechi ndicho chimapulumutsa miyoyo.

USIKU WA KU BUFFALO

Kuti timvetse chifukwa chake zinthu zazing'onozi ziri nkhani ya dziko lonse, tibwerere ku tsiku la 12 February 2009. Usiku umenewo ndege ya kampani ya Colgan Air, nambala 3407, yochokera ku Newark, inagwera pa nyumba ku Clarence Center ikuyandikira mzinda wa Buffalo. Anthu 50 anafa, 49 a m'ndege ndi mmodzi wa m'nyumbamo. Ofufuza a Boma anapeza kuti oyendetsa sanasamale liwiro pamene ndege inali kutsika. Liwiro likachepa kwambiri mapiko aleka kunyamula ndege, ndipo mankhwala ake, amene wophunzira aliyense amauzidwa m'masabata ake oyamba, ndiwo kuweramitsa mphuno ya ndege ndi kuonjezera mphamvu. Chenjezo litalira, woyendetsa wamkulu anachita zosiyana: anakokera mphuno m'mwamba.

Abale a anthu omwalirawo sanakhale pansi ndi kulira kokha. Anapita ku Washington kambirimbiri, kugogoda pa zitseko za aphungu, kufikira Nyumba ya Malamulo inapanga lamulo latsopano m'chaka cha 2010. Kuyambira 2013, bungwe la Boma loyang'anira zauluki, la FAA, lifuna kuti ngakhale wothandiza woyendetsa pa ndege ya kampani akhale atauluka maora 1,500. Kale maora 250 anali okwanira.

Apa ndi pamene pagona mkangano. Otsutsa lamuloli amakumbutsa kuti oyendetsa onse awiri a ku Buffalo anali nao kale maora oposa 1,500: wamkulu anali ndi oposa 3,000, wothandiza wake oposa 2,000. Chimene chinasowa usiku uja sichinali chiwerengero cha maora, koma dzanja lozolowera kuchita choyenera pa nthawi ya mantha. Ndiponso zinadziwika kuti wamkuluyo analepherapo mayeso a kuuluka kangapo m'mbuyomo. Amanenanso kuti ku Ulaya mnyamata wophunzitsidwa mwadongosolo amakhala pa mpando wa wothandiza ali ndi maora pafupifupi 200. Obvomereza lamuloli, makamaka mabungwe a oyendetsa ndege ndi mabanja a ku Buffalo aja, amayankha ndi mfundo imodzi yolemera: kuyambira 2009 kufikira January 2025, pamene ndege inaombana ndi helikopita ya asilikali pa mtsinje wa Potomac nipha anthu 67, makampani a ku Amereka onyamula anthu sanaonenso ngozi ina yopulula miyoyo yambiri. Mfundoyo ndi yoona, koma tisaiwale kuti m'zaka zomwezo munabweranso malamulo ena, monga a nthawi yopumula ya oyendetsa ndi a maphunziro a kuwongola ndege imene mapiko ake aleka kunyamula. Nkobvuta kunena kuti mwa zonsezi chinachiza ndi chiti.

Boma lomwelo linabvomera mwakachetechete kuti maora onse sali ofanana. Lamulo lilola wophunzira ku usilikali kulowa nchito ndi maora 750, wa digiri ya zauluki ya zaka zinai ndi maora 1,000, ndi wa maphunziro a zaka ziwiri ndi maora 1,250. Ndiko kuti maphunziro a dongosolo, onga a sukulu zopikisana pa SAFECON, awerengedwa ngati maora 500 a m'mwamba. Koma pamene kampani ya Republic Airways inapempha m'chaka cha 2022 kuti ophunzira a sukulu yake aloledwe ndi maora 750 monga asilikali, FAA inakana.

MPHUNZITSI WOYEMBEKEZA KUCHOKA

Lamulo limeneli lasintha moyo wa pa mabwalo ang'onoang'ono. Mnyamata angalandire chiphaso choyamba ndi maora 40, ngakhale ambiri amapitirirapo, ndi chiphaso cholandirira malipiro ndi maora 250. Nanga maora otsalawo, oposa 1,000, awatenga kuti? Kulipira ndege yobwereka sangathe. Njira ya ambiri ndiyo kukhala mphunzitsi. Chotero pa mabwalo amenewa mupeza mtsikana wa zaka 22 akuphunzitsa mnyamata wa zaka 19 m'ndege ya Cessna 172, mtundu umene unayamba kupangidwa m'chaka cha 1956. Iye mwini anali wophunzira zaka ziwiri zapitazo, ndipo tsiku limene buku lake lidzakwana maora ofunika adzatsazika napita ku kampani.

Sitinena kuti aphunzitsi achinyamatawa ndi osasamala. Ambiri ndi akhama, ndipo palibe chophunzitsa munthu kuposa kukhala pambali pa wina amene akulakwitsa ndege iri pafupi ndi nthaka. Koma sukulu imene aphunzitsi ake onse ali pa ulendo isowa nkhalamba zosunga mwambo. Cholakwa cha mphunzitsi chipita kwa wophunzira, ndipo wophunzirayo akakhala mphunzitsi achipereka kwa wina, popanda wochiona. Phindu lenileni la mpikisano tiliona pamenepa. Kamodzi pa chaka, zimene sukulu iphunzitsa ziyesedwa ndi maso a alendo, pamaso pa sukulu zinzake, ndi muyeso wa mapazi ndi masekondi umene sukondera munthu. Buku la maora lingonena kuti munthu anakhala m'mwamba nthawi yakuti. Silinena ngati anali kuphunzira kanthu kapena kungozungulira dzuwa likuwala. Tiyeneranso kunena mbali inayo: a m'timu ndi owerengeka pa sukulu iriyonse, ndipo kutera pa mzere masana sikufanana ndi kutsika usiku m'mitambo ya chisanu.

Mwambo wina wa pa mabwalowa ngwosangalatsa. Tsiku limene wophunzira wauluka yekha koyamba, mphunzitsi amamdula nsonga ya malaya ya kumbuyo nalembapo tsikulo. Amati kale, ndege ziri zopanda wailesi, mphunzitsi ankakhala kumbuyo ndi kukoka malaya a wophunzira pofuna kumuuza kanthu. Tsono kudula nsongayo nkunena kuti safunikanso kukokedwa.

NDANI ANGAKWANITSE?

Bvuto lina ndi ndalama. Kuchokera pa tsiku loyamba kufikira pa chiphaso cha uphunzitsi, mtengo ufika pa madola 100,000 m'sukulu zambiri, osawerengera fizi ya yunivesite. Mwana wa munthu wosauka ayenera kutenga ngongole yaikulu kapena kuiwala za kuuluka. Akazi akali ochepa ndithu, pafupifupi asanu mwa oyendetsa 100 a makampani.

Mbiri ya dziko lomwelo ionetsa kuti khomo limeneli lingatseguke Boma likafuna. M'chaka cha 1939, nkhondo iri pafupi, Boma la Pulezidenti Franklin Roosevelt linayamba kulipirira maphunziro a kuuluka kupyolera m'makoleji, ndipo pofika 1944 anthu oposa 400,000 anali ataphunzira. Imodzi ya sukuluzo inali Tuskegee Institute ku Alabama, ya anthu akuda, amene kufikira nthawiyo anali kukanidwa. Tikumbuke kuti Bessie Coleman, mkazi wakuda, anachita kupita ku France kuti akalandire chiphaso chake m'chaka cha 1921, pakuti kwao palibe sukulu inamlandira. M'chaka cha 1941 mkazi wa Pulezidenti, Mai Eleanor Roosevelt, anakwera kandege koyendetsedwa ndi mphunzitsi wakuda wa ku Tuskegee, Charles Alfred Anderson, ndipo chithunzi chao chinatseka pakamwa anthu ambiri. Pomatha nkhondo, oyendetsa akuda pafupifupi 1,000 anali atatuluka ku Tuskegee.

Mabwalo eni ake nawonso sali pa mtendere. Dzikolo liri ndi mabwalo pafupifupi 5,000 otsegukira anthu onse, ndipo ofikako ndege za makampani ndi ngati 500 okha. Pa ambiri a otsalawo ndi pamene oyendetsa amaphunzirira. Mizinda yakula niwazinga, ndipo eni nyumba adandaula ndi phokoso la ophunzira amene amanyamuka ndi kutera tsiku lonse. Dandaulo lina ndi lomveka kwambiri: mafuta a tindegeti akali ndi mtovu, umene unachotsedwa kale m'mafuta a galimoto chifukwa uononga ubongo wa ana. Boma ndi makampani anagwirizana kuti ayese kuuthetsa pofika 2030, ndipo boma la dera la Santa Clara ku California linaleka kugulitsa mafuta otere pa bwalo la Reid-Hillview m'chaka cha 2022. Ku Chicago, m'mwezi wa March 2003, mfumu ya mzinda Richard M. Daley inatumiza mathirakitala usiku kukakumba msewu wa bwalo la Meigs Field, ndipo kutacha eni ndege anapeza ndege zao ziri pa bwalo lopanda ponyamukira. Bwalo la Santa Monica, limene linayamba nchito zaka zoposa 100 zapitazo, mzinda wake unagwirizana ndi FAA m'chaka cha 2017 kuti ungathe kulitseka kumapeto kwa 2028.