Mpeni wa m'thumba ukhale wa nchito

Ku wailesi kumene ndimathandizako, waya wa maikolofoni ukaduka onse amayang'ana ine, cifukwa ndimayenda ndi mpeni wopinda. Woyamba ndinagula wochipa pamsika. Tsiku lina ndikusenda waya, unapindika wokha n'kunditema cala.

Ndiye mvelani anzanga. Musanalipile, utambasuleni mpeniwo n'kuukankha kumsana. Ukapindika mosavuta, usiyeni. Funani wokhala ndi loko: Okapi ya ku South Africa ilipo ya mphete yokoka, Opinel ya ku France ili ndi mphete yozungulitsa. Yang'ananinso citsulo. Carbon steel imanoleka msanga, koma imacita dzimbili mukasendela mango osapukuta. Stainless sivuta ngakhale m'nyengo ya mvula.

Sankhani woonda, wa citsulo cacifupi ngati cala, wosatupitsa thumba. Umenewo ndi wokwanila kudula cingwe, kutsegula katoni ndi kusenda nzimbe. Waukulu umangokupatsani mtima wa ndeu.

Popita kumowa kapena kumpila, usiyeni kunyumba. Mkangano wa pakamwa umaiwalika mawa. Wa mpeni umatumiza wina ku UTH, wina ku Chimbokaila.